Masiku Makumi Anayi a Piloto

Chifuwa cha Piloto chinayamba chimanga chili m'mikukwe. Poyamba Teodora anaganiza kuti galuyo wameza fupa, ngakhale sankadziwa kumene fupalo likanachokera, pakuti chaka chimenecho m'mudzi mwawo munalibe munthu wotaya fupa lisanaphikidwe kachitatu. Koma chifuwacho sichinathe. Galu ankati akathamanga pang'ono kupirikitsa akhwangwala pabwalo, n'kuima atatang'adza miyendo, khosi lili tambasu, n'kumatsokomola mouma ngati nkhalamba yosuta chingambwe.

Kwa munthu wina imeneyi sikanakhala nkhani. Agalu ambiri a m'munsi mwa phiri la Domwe anali atatha kale. Ena anafa ndi njala, ena anaphedwa ndi eni ake omwe, poopa kuti angauwe anthu atabisala m'zigwa. Koma Piloto sanali galu wongodya makombo. Anali ndi ntchito, ndipo ntchito yakeyo ndi imene inkachititsa kuti Teodora akhalebe mkazi wa munthu.

Mwamuna wake, Cassimiro, anali mphunzitsi, ndipo anthu ankamutcha a pulofesoro. Anaphunzira ku mishoni ya Fonte Boa, ndipo kale munthu wotero ankamuvulira chipewa panjira. Nkhondo itakwera kumapiri kuno, ulemu womwewo unasanduka mlandu. A m'tchire ankasaka aphunzitsi ngati nsabwe mumsoko, chifukwa kwa iwo aliyense wogwira choko anali wa boma. Cassimiro anathawira kutsidya la malire, ku Dedza. Ndiye a boma nawo anayamba kunena kuti munthu wotuluka n'kumalowa ndi kazitape. Basi, munthu amene mlandu wake wonse unali kuphunzitsa ana kulemba maina awo anakhala wosakidwa uku ndi uku. Teodora sakanamutsatira. Mayi ake, a Berta, anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo njira ya kumalire si yoyenda utabereka munthu wamkulu kumsana.

Choncho Cassimiro ankabwera mozemba, pakatha miyezi iwiri kapena itatu, tsiku limene nkhungu yaphimba dziko. Sankafikira pakhomo. Ankaima pakaphiri ka mikungudza kutsidya la dambo, n'kuimba mluzu katatu. Galu akathamangira kumeneko, ndiye kuti kunyumba kuli bwino, atsike. Galu akapanda kubwera, ankadikira nthawi yokwanira kunena kolona imodzi, kenako n'kubwerera kumene wachokera.

"Nanga ine nditabwera ndekha kudzakuuzani kuti kuli bwino?" Teodora anafunsa tsiku limene ankapangana zimenezi.

"Sindingatuluke, Nambewe," anayankha Cassimiro, akumuitana ndi mfunda wake monga ankachitira pa nkhani zazikulu. "Ku Lifidzi anaimika mkazi wa mnzanga pakhomo, mfuti ili kumsana, amvekere itana mwamuna wako. Anaitana, ndi mawu okoma ndithu. Munthu amakakamizika. Koma galu uyu, pabwalo pakakhala mlendo sachoka pamapazi pako, ndipo palibe mfuti ingamuuze kuti apukuse mchira. Azibwera yekha, ndi miyendo yake, wopanda chingwe."

Zinamupweteka Teodora kumva kuti mwamuna wake akhulupirira mchira wa galu kuposa mawu a mkazi amene anamanga naye ukwati m'tchalitchi. Anakhala masiku awiri osamuseka. Koma ankadziwa kuti mwamunayo wanena zoona, ndipo kwa zaka ziwiri pangano limenelo linayenda bwino.

Tsopano galuyo ankatsokomola.

Woyamba kubwera ndi mankhwala anali Alzira, wa nyumba yoyandikana nayo. Mayi ameneyu ankadziwa mankhwala a matenda onse, ngakhale matenda amene sanafike m'dziko. Za kubwera kwa Cassimiro ankazidziwanso, monga oyandikana amadziwira zinthu, koma pa nkhani imeneyi yokha pakamwa pake panali potseka. Anayang'ana galuyo kamodzi n'kunena kuti ndi njoka za m'mimba. Anasinja nthanga za maungu, anaikamo adyo ndi nthanga zouma za papaya zimene ankasunga m'kansanza, n'kuzikanda m'phala lozizira. Piloto anadya akuyang'ana kumbali, ngati munthu wochitidwa chipongwe pamaso pa alendo. Tsiku lachiwiri njoka zinatulukadi, ndipo Alzira anaitana Teodora kuti adzaone ndi maso ake, akuzilozera ndi kamtengo monyadira ngati wakolola.

Koma chifuwa chinapitirira. Nthiti zinayamba kuwerengeka, pamene mimba inkakula. Tsiku lina galuyo anatsatira Teodora kudimba, ndipo pobwerera anagona panjira katatu. Pamenepo mantha anamugwira Teodora, chifukwa kuchokera pakhomo kukafika ku mikungudza kunali kutali kuposa kudimba, ndiponso kunali chitunda.

M'mawa mwake anapita naye kwa a Augusto, kuseri kwa phiri. Nkhalamba imeneyi inagwira ntchito yobaya ndi kusambitsa ng'ombe kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo anthu ankaitchulabe dotolo, ngakhale ng'ombe zonse za m'dera limenelo zinali zitalandidwa ndi kudyedwa. Anali dotolo wa ng'ombe wopanda ng'ombe, wongokhala pakhonde n'kumasoka mabowo a jekete. Atamuona galu, maso awo anawala mochititsa manyazi. Anamugoneka pamphasa, anaika khutu pachifuwa nthawi yaitali, anatsegula mlomo n'kuyang'ana nkhama, anasindikiza mimba ndi zala.

"Galu ameneyu anakhalako kunsi, kotentha?" anafunsa.

"Eya. A pulofesoro pokaphunzitsa zaka ziwiri cha ku Moatize, anapita naye ali mwana."

A Augusto anagwedeza mutu. "Ndi udzudzu wa kumeneko, mayi. Umaluma galu wodwala, n'kukaluma wamoyo, n'kumusiyira mbewu. Mbewuyo imakula mwakachetechete, zaka. Njoka zimene mwatulutsazo ndi za m'mimba, zili ndi khomo lotulukira, ndipo anzanuwo sanalakwe, nthanga zagwira ntchito yake. Koma izi zili mumtima. Ndinang'ambapo galu wa mzungu wina ku Tete, mtima wake unali wodzaza ngati mwapakiramo ulusi wosoka matumba. Kumeneko nthanga za maungu sizifika, ngakhale mutamupatsa munda wonse."

"Ndiye afa?"

"Akasiyidwa, safika mvula."

Nkhalambayo inalowa m'nyumba, ndipo Teodora anamva ikukumba pansi ndi khasu. Inatuluka ndi kachitini kadzimbiri. M'katimo munali singano yokulunga m'nsalu ndi timabotolo tiwiri tating'ono. Anali mankhwala amene mzungu wina wa agalu osakira anasiya pothawa, zaka zambiri zapitazo.

"Sindikunamizani, ndi chiphe," anatero a Augusto. "Nthawi yake inapitirira kalekale. Angamuphe, angamuchize, angakhalenso madzi chabe. Ndimubaya pamtsempha kanayi, masiku awiri. Koma kubayako si ntchito. Ntchito ndi yanu. Njokazo zikafa sizituluka. Zimaduka tizidutswa, ndipo thupi limazisungunula pang'onopang'ono. Galu akathamanga, mtima ukagunda mwamphamvu, tizidutswato timakatseka m'mapapo, zatha. Masiku makumi anayi, ngati Kwarezima, nyengo yosala ija. Asathamange, asadumphe, asasangalale n'komwe."

"A dotolo, mukundiuza kuti asathamange, nkhondo ino?"

"Ndikudzimva ndekha kuti ndikulankhula zoseketsa. Koma mankhwalawa sadziwa za nkhondo."

Teodora anawerengera m'mutu. Cassimiro anali atabwera chimanga chisanaume, ndipo pochoka ananena kuti adzaonekanso pokumba mbatata ya kudimba. Mbatatayo inali itangoyamba kuchita maluwa. Masiku makumi anayi ankakwana, ndipo ankatsalako ochepa. Anavomera.

Anagona kwa a Augusto masiku awiriwo, Alzira akusamalira a Berta. Pobwerera anamunyamula Piloto m'dengu, pamutu. Amayi amene anakumana nawo kuchitsime anaseka mpaka kukhala pansi, ena akufunsa ngati mfumuyo ifunanso ambulera. Teodora anaseka nawo, chifukwa masiku amenewo kuseka kunkasowa ngati mchere.

Kunyumba anamangirira galuyo pamzati wa m'kati, ndi chingwe chachifupi, pafupi ndi mphasa ya mayi ake. Anatenga zikho ziwiri, n'kuwerengera nyemba makumi anayi m'chikho chimodzi. M'mawa uliwonse ankatenga imodzi n'kuiika m'chikho chinacho.

"Ine ndagona pano zaka zitatu," anatero a Berta, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa, "palibe anandiwerengerapo nyemba."

"Inu simuthamanga, amayi."

"Ndiye undimasule, uone."

Kuti mtima ukhale m'malo, Teodora anatumiza uthenga. Alzira ankapita kumalire kukasinthitsa mbatata ndi mchere, ndipo anapemphedwa kuti akapeze munthu wa ku Dedza, akauze a pulofesoro kuti mbatata sinakhwime, adikire mpaka amve. Alzira anabwerako tsiku lachitatu wopanda mbatata, wopanda mchere, mapazi atang'ambika. Panjira panali kuwomberana, ndipo kumalire sanafike. Koma anati uthengawo anausiyira mayi wina amene anathawira mbali ya uko. Dzina la mayiyo sankalidziwa. Teodora anathokoza, n'kudziuza kuti uthenga wafika. Anakhulupirira chifukwa chakuti ankafuna kukhulupirira, palibenso chifukwa china.

Sabata yoyamba Piloto anadwala kwambiri. Ankasanza, maso ali achikasu, mwendo wobayidwa utatupa. Teodora ankamumwetsa madzi a phala ndi chipande, n'kumamunyamula kupita naye kuseri. Tsiku lakhumi ndi chiwiri, dzuwa lili pamutu, mfuti zinalira cha kumsewu. Mudzi wonse unathawira m'zigwa. Teodora anachita monga ankachitira nthawi zonse: anakokera mayi ake pamphasa mpaka kudzenje limene anakumba kuseri kwa nthochi, n'kuwatsitsiramo. Ulendo uno anatsitsiramonso galu, analowa yekha, n'kukoka mapesi pamwamba. Mapazi a anthu anadutsa pabwalo, mbiya inasweka, nkhuku yomaliza ya Alzira inalira n'kukhala chete. Chifuwa cha Piloto chinayamba kugunda, chikufuna kutuluka. A Berta anatambasula dzanja lawo lamoyo, anagwira kukamwa kwa galuyo n'kukanikiza mutu wake pachifuwa pawo, akumusisita ndi chibwano. Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka.

Kuyambira tsiku limenelo a Berta anasiya kudandaula za fungo. Ankamutcha mnzanga wa pamphasa, ndipo Teodora anawapeza kangapo akumugawira mbatata yawo.

Nyemba zitapitirira makumi awiri m'chikho chachiwiri, zinthu zinasintha. Chifuwa chinachepa. Mimba inayamba kuphwa, ubweya unayambanso kuwala, ndipo galu anayamba kuluma chingwe ndi kulira akamva akhwangwala panja. Teodora anasangalala kwambiri, moti tsiku lina anadzipeza akuimba nyimbo ya Pasaka mwezi wozizira. A Augusto anabwera kudzaona wodwala wawo, atavala jekete losokasoka lija. Anaikanso khutu pachifuwa, anamwetulira, kenako anaumitsa nkhope.

"Mankhwala agwira. Koma apa ndiye poopsa, mayi, pamene iye akuyesa kuti wachira. M'katimo zidutswa zikadali. Musamvere maso akewa. Mpaka nyemba yomaliza."

Tsiku la makumi atatu ndi limodzi kunacha ndi nkhungu yolemera, ya mtundu umene umanyowetsa nsalu popanda mvula. Teodora anali atangosamutsa nyemba ya tsikulo, ndipo anakhala pakhomo akusankha mbewu m'lichero. M'mudzi munali zii. Munalibe mlendo, munalibe msilikali, sabata yonseyo mfuti inali isanalire.

Mluzu unamveka kuchokera ku mikungudza.

Asanakhulupirire makutu ake, galu anali ataimirira kale m'nyumba. Chingwe chinakungika, mzati unagwedezeka. Teodora anagwetsa lichero n'kulowa, anagwada, anamukumbatira galuyo pakhosi. Thupi lonse la galuyo linkanjenjemera, mchira ukumenya mphasa ya a Berta. Pansi pa dzanja lake ankamva mtima ukugunda mothamanga.

Mluzu wachiwiri.

"Ndi apongozi anga amenewo," anatero a Berta.

"Ndamva, amayi."

"Uthenga sunafike."

"Ndaona, amayi."

Anayang'ana m'chikho. Nyemba zisanu ndi zinayi. Anaziwerenganso ndi maso, ngati kuti zingachepe pomumvera chisoni. Anaganiza zothamanga yekha, kukaima pansi pa mikungudza n'kufotokoza zonse mofuula, za udzudzu, za singano, za a Augusto. Koma ankamudziwa mwamuna wake. Mkazi wobwera yekha, galu palibe, akulongosola nkhani yaitali, ndiye chizindikiro chenicheni cha mfuti kumsana. Cassimiro akanathawa akulira, koma akanathawa. Ndipo galu akapanda kubwera n'komwe, mwamunayo akanabwerera akuganiza kuti pakhomo pagwa zoopsa. Akanayenda njira yonse ija ya mabomba okwirira chabe, n'kukakhala ku Dedza akudikira uthenga, pamene mauthenga ankafera panjira.

Mluzu wachitatu unalira, wautali kuposa inayo. Tsopano kunatsala kolona imodzi.

"Teodora," anatero a Berta, ndipo dzanja lawo lamoyo linali pamsana pa galu. "Ine sindikuuza chochita. Ndikanakhala ndi miyendo ndikanapita ine. Mpongozi sathawa apongozi ake opuwala."

Teodora anamasula chingwe pamzati, osati pakhosi. Anaganiza kuti afupikitse njira. Anatuluka naye galuyo, chingwe atachikulunga padzanja, akumubweza ndi mphamvu zonse kuti ayende pang'onopang'ono. Anadutsa m'nthochi, m'munda wa Alzira, m'mapesi ouma, galu akukoka mpaka kudzitsamwitsa. Mumtima Teodora ankanena kolona, kuti adziwe nthawi yotsala, koma mawu ankasokonezeka. Anafika pamene minda ithera, dambo n'kuyamba. Kupitirira pamenepo munthu wa pakaphiri akanawaona nkhungu ikang'ambika, ndipo galu wa pachingwe ndi galu wokakamizidwa.

Anagwada pa udzu wonyowa. Mfundo inali itauma, ndipo zala zake zinkakana.

"Pang'onopang'ono, Piloto," ananong'oneza m'khutu mwake. "Wamva? Uziyenda. Mbuye wako sathawa. Uziyenda, mwanawe."

Ankadziwa kuti akulankhula zopusa. Galu amene wakhala pachingwe mwezi wathunthu, atamva mluzu wa mbuye wake, ungamuuze za kuyenda?

Piloto anathamanga ngati sanadwalepo. Anadutsa dambo makutu atagona, madzi akuthovoka m'mbali, analumpha kamtsinje ndi kulumpha kumodzi. Teodora ataona kulumphako mtima wake unasangalala, ngakhale ankadziwa tanthauzo lake, ndipo chimwemwe chimenecho chinamuchititsa manyazi masiku onse otsatira. Galuyo anayamba kukwera chitunda. Nkhungu inamumeza, inamulavula, inamumezanso. Pamene inang'ambika kachitatu, anali ataima pakati pa chitunda, atatang'adza miyendo, mutu uli pansi. Anayenda mapazi angapo cham'mbali, n'kugwa.

Teodora sanadziwe mmene anawolokera dambo. Anamupeza atagona cham'mbali, akupuma wefuwefu, nkhama zili mbuu, thovu lofiira likutuluka m'mphuno. Miyendo yakutsogolo inkapalasabe dothi, ikufuna kukwera. Kuchokera pamenepo kukafika pa mikungudza panatsala mtunda woti munthu angaponye mwala kawiri.

Anamunyamula. Anali wolemera kuposa tsiku la dengu lija, chifukwa anali atamudyetsa bwino. Anakwera naye akuterereka, mpaka pansi pa mtengo waukulu, pamene Cassimiro ankakonda kuima. Panalibe munthu. Panali miyala, nkhungu, ndi madzi odontha m'nthambi.

"Wabwera," anatero Teodora, osakweza mawu. "Abambo, galu wanu wabwera. Wayamba yekha, munaona. Wangolephera kumaliza."

Palibe anatuluka. Teodora anakhala pansi, galu ali pamiyendo, nkhope italoza kumudzi, kuti amene akuyang'ana aone kuti kumbuyo kwake kulibe munthu. Sanaitanenso. Anangolira, mwakachetechete, misozi ikugwera pa ubweya.

Kenako mphepo inatembenuka. Mphuno ya Piloto inagwedezeka, khutu limodzi linadzuka. Mchira unanyamuka n'kumenya ntchafu ya Teodora, kamodzi, kawiri, kachitatu mofooka.

Kuseri kwa mwala kunamveka tswa, ndipo Cassimiro anatuluka. Anali ataonda, ndevu zitamera, atanyamula kamtolo komanga ndi luzi. Anagwada n'kuika dzanja pamutu pa galuyo. Piloto ananyambita chala chimodzi, anatsokomola, anatambasula miyendo. Sanapumenso.

Kenako Teodora anafotokoza zonse, mwadongosolo, ngati mwana woyankha mafunso m'kalasi: chifuwa, nthanga za Alzira, njoka za mumtima, singano, dzenje la kuseri kwa nthochi, uthenga wa mbatata.

"Sindinalandire kalikonse," anatero Cassimiro. "Ndinawapezera amayi bulangete. Ndinati kuzizira kusathe asanalifunde. Ndinkati ndikuchita bwino."

"Munachita bwino."

"Panatsala masiku angati?"

"Asanu ndi anayi."

Cassimiro anaphimba nkhope ndi chipewa chake. Mapewa ake ankagwedezeka. Teodora anali asanamuonepo akulira, ngakhale tsiku limene anawotcha mabuku ake kuti asapezeke m'nyumba.

Anamukwirira pomwepo, pakati pa mizu, akukumba ndi chikwanje ndi manja, n'kuunjikapo miyala kuti afisi asafukule. Pofika nthawi imeneyo nkhungu inali itayamba kupepuka, ndipo madenga a m'mudzi ankaoneka. Tsiku lotere Cassimiro akanatsika, akanadya kunyumba, akanagona masiku awiri m'nkhokwe. Koma anachedwa, ndipo dambo linali poyera. Anamasula kamtolo, anapereka bulangete, mchere wa m'kathumba ndi chidutswa cha sabawo wochapira. Anayang'ana mulu wa miyala, n'kuyang'ana mkazi wake.

"Nanga ulendo wina ndidzadziwa bwanji, Nambewe?"

Teodora anali ataliganizira kale funso limeneli, akukumba. M'mudzi munalibe galu wina. Ngakhale akanapezeka, mwana wa galu sangaphunzire mluzu wa munthu amene sakhala pakhomo.

"Simudzadziwa," anatero.

"Ungapachike nsalu pa nthochi. Kapena utsi."

"Nsalu imapachikidwa ndi munthu. Moto umasonkhedwa ndi munthu. Munanena nokha." Teodora anamuyang'ana m'maso. "Musabwerenso, abambo. Mpaka nkhondo ithe. Mukamva kuti ndikukuitanani, musabwere. Mukamva mawu anga enieni pansi pa mtengo uno, musatuluke. Ine ndikudzidziwa. Atandiikira mfuti pamutu pa amayi, ndikhoza kuitana, ndi mawu okoma ndithu."

Cassimiro anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anali mphunzitsi, ndipo yankho lolondola ankalizindikira ngakhale likhale lowawa. Anagwira dzanja la mkazi wake ndi manja onse awiri, lili ndi dothi ndi magazi, n'kuligwira nthawi yaitali. Anapereka moni wa kwa amayi. Kenako anatembenuka n'kulowa m'mikungudza, ndipo Teodora anamvetsera mapazi ake mpaka anasiya kumveka.

Anatsika chitunda yekha. M'mphepete mwa dambo anapeza chingwe chija pamene anachisiya, n'kuchitola, chifukwa chingwe sichinali chinthu chotaya. Atalowa m'nyumba, a Berta anayang'ana bulangete, anayang'ana chingwe, anayang'ananso pakhomo kumbuyo kwake.

"Anafika?"

"Anafika, amayi."

"Nanga apongozi?"

"Apereka moni."

Teodora anawafunditsa a Berta bulangete, ndipo dzanja lawo lamoyo linatuluka pansi pake n'kukagona pamphasa, pamalo pamene ubweya unatsalira.

M'mawa mwake Teodora anadzuka, anasesa, ndipo asanaganize dzanja lake linali litasamutsa kale nyemba imodzi. Anaima akuyang'ana zikho ziwirizo. Akanatha kuzikhuthulira mumphika, pakuti m'nyumbamo nyemba makumi anayi zinali ndiwo. Sanatero. Anapitiriza, imodzi m'mawa uliwonse, ndipo a Berta, amene sankasiya kanthu kadutse osakanyoza, ichi chokha sanachinyoze. Mbatata ya kudimba inakhwima, Teodora anayamba kukumba yekha. Kunagwa nkhungu kawiri sabata imeneyo, ndipo kawiri konse anagwira ntchito atafulatira mikungudza.

Tsiku la makumi anayi kunacha bwino, kopanda mtambo. Teodora anatenga nyemba yomaliza, anaigwira pang'ono, n'kuiponya pa zinzake. Anakhala pansi pafupi ndi mzati.

"Amayi," anatero, "lero bwenzi tikumumasula."